Zigoli za Temwa sizinabwere ndi luso lokha

Madzulo ano, ndili m'minibasi yopita ku Kawale, tadutsa pa bwalo la fumbi pomwe atsikana amasewera mpira wa miyendo, ambiri a iwo opanda nsapato, ndipo bambo amene ndinakhala nawo pampando anati anawo akungotaya nthawi, chifukwa luso ngati la Temwa Chawinga munthu amachita kubadwa nalo.

Mawu amenewa andipweteka mumtima. N'zoona kuti Temwa ali ndi luso, koma zigoli 20 zimene anagoletsa mu ligi ya ku America mu 2024, chaka chimene anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse, zinabwera atatha zaka zambiri akukhetsa thukuta, kuyambira kwawo ku Rumphi, kenako ku Sweden ndi ku China, kutali ndi kwawo komanso pakati pa anthu a zilankhulo zachilendo. Sindikhulupirira kuti munthu angapirire zonsezo ngati mpirawo sukumusangalatsa, pakuti chimwemwe n'chimene chimamudzutsa m'mamawa thupi likadali kuwawa.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti makolo ambiri muno mu Lilongwe timakondwera Scorchers, timu ya dziko lino ya mpira wa miyendo ya amayi, ikapambana, koma mwana wathu wamkazi akapempha nsapato za mpira timamuuza kuti akatsuke mbale.