Tsiku lomwe njinga inakana kunditula pa maliro

Nkhaniyi ndimafuna ndidzafe nayo, koma poti pa Chitakale aliyense akuidziwa kale mpaka akabaza amandiimbira belu ndikamadutsa, bola ndiifotokoze ndekha isanakupezeni itathiridwa mchere.

Ine ndili ndi njinga ya m'mapiri, ija ya matayala a manomano ndi magiya ambirimbiri, ndinagula ku Limbe yakale koma yolimba. Loweruka lililonse ndimapalasa m'tinjira ta m'minda ya tiyi cha ku Likhubula uko, phiri lili pambali apa, kamphepo kayaziyazi, moyo umakoma. Mapedulo ake anali athyathyathya aja okhala ndi timisomali togwira nsapato, ndipo vuto lawo ndi limodzi, phazi likangoterereka pamwala pedulo imazungulira n'kudzakukhapa pa msongolo, moti miyendo yangayi ukaiona ungati ndinakatemera mphini kwa asing'anga.

Ndiye ndinalakwitsa kutumiza chithunzi cha msongolowo kwa alamu anga a ku Joni. Iwo aja amvekere ayi mlamu, anzanu kuno zimenezo anasiya kalekale, pasanathe mwezi katundu wafika pa basi: mapedulo a Shimano otchedwa SPD ndi nsapato zake. Kunsi kwa nsapato kumakhala kachitsulo, amati cleat, komangidwa ndi mabawuti awiri, ukaponda pa pedulo kamalowa kuti kha! basi iwe ndi njinga mwakwatirana. Pofuna kusudzulana umapotolera chidendene kunja. Chondiseketsa n'choti eni ake amawatcha clipless, ngati kunena kuti opanda chomangira, chonsecho ntchito yawo ndi kumanga munthu. Dzinalo linabwera chifukwa kale phazi ankalilowetsa m'kakhola kutsogolo kwa pedulo n'kumanga ndi lamba, awa anabwera opanda kakholako. Alamu ananditumizira voice note yaitali ngati ulaliki wa pa Pasaka, kufotokoza kuti kampani ya Look ya ku France inatulutsa mapedulo otere mu 1984, katswiri wopalasa Bernard Hinault n'kuwina nawo mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 1985, a Shimano n'kubweretsa SPD ya m'mapiri mu 1990. Ine ndinamvera mpaka pa Hinault pokha, ndinali nditayamba kale kudziona ndili iyeyo. Kumapeto kwake, komwe amanena kuti mlamu muyambe mwaphunzira kutulutsa phazi mutatsamira khoma, ndinadzakumvera patapita masiku atatu ndili ndi bandeji.

Ndinapita nawo kwa amakaniki anga a pansi pa mtengo wa mango. Anawatembenuza uku ndi uku amvekere, "Achimwene, pedulo yake ili kuti? Uwutu ndi msampha wa makoswe." Kumanga anamanga bwinobwino, zoti pedulo ya kumanzere imamangidwa chobwerera amazidziwa kuposa ine. Koma anaona kabawuti kakang'ono kolembedwa + ndi - pambali, kamene kamalimbitsa kapena kufewetsa sipuling'i yogwira phazi, ndiye iwo nzeru zawo zinali zoti chinthu chopita kuphiri chiyenera kulimba, anakazungulitsa ku + mpaka kanakana. Ma cleat ndinamanga ndekha kunyumba ndi Allen key yobwereka yakutha mano. Sungani mfundo ziwirizi.

Loweruka linafika ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyendayenda. Ndinakwera nditagwira mpanda, kha! kha! ulendo. Abale, chilungamo ndinene, zinthuzi zimakoma. Pokwera chitunda phazi silisuntha, pamiyala njinga ikudumpha koma iwe uli nayo limodzi, msongolo uli pa mtendere koyamba chibadwire. Ndinadutsa amayi othyola tiyi ndili chiimire ngati wa pa TV, matope ofiira ali thothotho kumsana, mumtima ndikuti alamu Mulungu awadalitse. Ola lathunthu sindinaime paliponse, ndiye sindinaganizeko n'komwe zoyesa kutulutsa phazi.

Potsetsereka kulowa m'mudzi wina, dzina sinditchula ndimadutsakobe, ndinangoona masamba ayalidwa pamsewu.

Maliro.

Inu mukudziwa, pa masamba munthu umatsika njinga, chipewa m'manja, n'kumakankha mwaulemu mpaka ukadutse masamba achiwiri. Ndinagwira mabuleki bwinobwino ngati mwana woleredwa, n'kukoka phazi lakumanja m'mwamba mmene ndachitira moyo wanga wonse. Zii. Ndinakumbuka zopotoza chidendene, kupotoza, sipuling'i ya amakaniki ija kuphatikiza matope, ngati ndaponda mu simenti youma. Ndinayesa lakumanzere, ili ndiye linandinamiza, nsapato inatembenuka ndithu mpaka chidendene kuloza ku Phalombe koma osatuluka, kumeneko ndi kumasuka kwa mabawuti anga aja, nsapato ikuzungulira payokha kachitsulo katatsalira mkati.

Adzukulu anali atakhala pambali pa msewu ndi makasu awo. Mmodzi anaimirira.

"Achimwene tsikani."

"Ndikutsika."

"Tsikanitu, simukuona masamba?"

"Ndikutsikatu akulu, ndikutsika!"

Ndikunena choncho ndikupalasabe pang'onopang'ono kuopa kugwa, ndiye kwa iwo zimaoneka ngati mwano weniweni, munthu akuti ndikutsika uku akupitirira. Ndinaona kuti apa pali njira ziwiri, kudutsa pa maliro ndili pa chishalo n'kukalipa nkhuku kwa amfumu dzina langa n'kuipa mudzi wonse, kapena kuima. Ndinaima. Njinga inakhala chilili kwa kamphindi ngati ikuganiza kaye mbali yogwera, kenako tinayamba kupendekeka, pang'onopang'ono ngati bulugama wodulidwa, manja ali pa handulo, nkhope ili yaulemu, mpaka mu ngalande phwaa!

Amayi amene amaimba kuseri kwa nyumba analekeza nyimbo pakati.

Ndili chagada m'matope, njinga ili m'mwamba, tayala lakutsogolo likuzungulirabe. Adzukulu awiri anabwera kudzandichotsa njingayo, kukoka, ine n'kubwera nayo limodzi. Kukokanso, ine ndemwe. Wina anaisiya n'kubwerera m'mbuyo amvekere, "Yamumata!" Apo ndi pomwe agogo ena achibambo a jekete lalikulu anakuwa kuti, "Musamugwire ameneyo! Njingayo ndi yakuba, mwini wake anaitsirika!"

Eee. Anthu anachoka pa siwa kubwera kumsewu. Wina akuti atchule dzina la mwini wake imumasula, wina akuti zoterezi zinachitikanso ku Muloza munthu anamatirira pa thumba la chimanga mpaka kunacha. Ine ndikuti njingayi ndi yanga, lisiti lili kunyumba, agogo aja amvekere, "Ngati ili yako ikukukaniranji?" Funso limenelo mpaka lero yankho lake ndilibe. Ndinayesa kufotokoza za cleat, za Shimano, ndinatchulanso Tour de France ndili m'ngalande, zinangowonjezera umboni woti mutu wayamba kusokonekera ndi mankhwala.

Amfumu anafika ndi ndodo yawo, anthu n'kupatuka. Ndinaomba m'manja ndili chogona, "Zikomo amfumu, pepani ndi zovutazi." Anandiyang'ana, anayang'ana njinga, anagogoda nsapato ndi ndodo. Kunali zii. Ndiye kamnyamata kena ka zaka ngati 10, kamene kamatungira adzukulu madzi, kanangoti, "Bwanji osangovula nsapatozo?"

Anthu akuluakulu oposa 50, ine wa satifiketi yanga ya MSCE, palibe anaganizako.

Ndinamasula zingwe, mapazi n'kutuluka bwinobwino. Sokosi yakumanja inali yobooka, chala chachikulu chili panja kuonerera nawo mwambo. Amayi ena anadziphimba kumaso ndi chitenje mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kulira. Amfumu anaweruza pomwepo kuti mwambo umati munthu atsike, ndipo mwanayu watsika ndi thupi lonse, mlandu palibe, koma alowe apepese anamfedwa. Ndinalowa ndi matope anga n'kuponya K2,000 yonyowa m'mbale ya chipepeso. Potuluka ndinakankha njinga pa sokosi mpaka masamba achiwiri, nsapato zili lendelende pa mapedulo, ndipo ndikabwerera m'mbuyo pang'ono kupewa chithaphwi zimazungulira zokha ngati pali mzukwa ukupalasa. Pa maliro. Agogo a jekete aja anandiperekeza ndi maso mpaka pa kona, iwo sanakhutire.

Lolemba amakaniki anachotsa nsapato yakumanzere ndi pulayala akuseka mpaka kutsokomola, kabawuti kaja tinakabweza ku -, ndipo ndinamva kuti kulinso ma cleat ena a SH56 olembedwa M amene amatuluka mosavuta, abwino kwa ophunzira. Kaya. Kwa amene amapikisana kapena kukwera zitunda tsiku lonse osaima, SPD ndi yabwino, sindikana. Koma njira zathu zino umatsika kambirimbiri, apa maliro, apa mbuzi, apa apongozi akuchokera kuchigayo, ndiye ine ndinabwezeretsa athyathyathya anga, msongolo uzipirira.

Dzulo alamu anaimba kufunsa kuti mlamu, mapedulo aja akugwira?

Ndinati alamu, akugwira kwambiri.