Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Ndege imene inabwerera m'mwamba

M'gawo lapitali ndinasiyira poti ndachoka ku usodzi wa ku Malombe, ndapeza ntchito pamalo ena ogona alendo m'mphepete mwa nyanja kuno ku Mangochi. Anandiika ku kabwalo ka ndege komwe alendo ena ankaterapo. Kukacha ndinkayenda msewu wonse wa ndege, kutola miyala, kupirikitsa mbuzi, n'kuona ngati kansalu kolozera mphepo sikanang'ambike. Ndege ikatera ndinkatchinga matayala ndi timitengo, kenako zikwama paphewa. Zida zanga zinali ovaova ndi chozimitsira moto chimodzi chofiira.

Tsiku lina, nyengo ya mwera, tinkadikira ndege ya injini ziwiri yochokera ku Lilongwe. Oyendetsa ake ndinkawadziwa. Akaputeni anali bambo a imvi amene anayendetsapo ndege zikuluzikulu zonyamula anthu kwa zaka zambiri, ndipo wachiwiri wawo anali mtsikana, msinkhu wa mlongo wanga. Ndegeyo inabwera bwinobwino, ikutsika, koma ili patali inakwezanso mphuno n'kulowera kunyanja. Inayamba kuzungulira. Tinaima chilili, ine, alonda ndi adalaivala a minibasi ya alendo, makosi mpaka kuwawa.

"Amenewa asokera kapena?" anafunsa alonda.

Patapita nthawi ndithu ovaova inalira. Anali mawu a mtsikana uja, odekha ngati palibe kanthu.

"Achimwene, mukundimva? Tidutsa motsika pamaso panu. Musayang'ane china, muyang'ane matayala, makamaka lakutsogolo."

Ndinathamangira m'mbali mwa msewu, n'kugwada kuti ndione bwino kumimba kwa ndege. Inadutsa pafupi moti ndinaona mzere wakuda wa oilo kumimbako ndi nkhope ya mayi wina itakanirira pawindo. Matayala onse atatu anali panja.

"Atuluka onse, achemwali!"

"Lakutsogolo lawongoka kapena lapendekera kumbuyo?"

"Ndaliona ngati lawongoka, koma mwadutsa mwaliwiro."

"Zikomo, mwatithandiza. Sititera kuno. Tikupita ku Chileka."

Adalaivala anaponya kiyi pansi. Matayala atuluka, msewu uli mbee, chovuta n'chiyani? Alendo aja anadzafika usiku pagalimoto, kudzera ku Zomba ndi Liwonde, atatopa, ena akudandaula.

Sabata yotsatira Akaputeni anabweranso ndi alendo ena. Podikira ulendo wobwerera anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinalimba mtima n'kuwafunsa. Sanandinyoze. Anati matayala akatuluka n'kukhoma, patsogolo pawo pamayaka timagetsi titatu tobiriwira. Tsikulo tinayaka tiwiri. Diso la munthu ali pansi limaona kuti tayala latuluka, koma siliona ngati lakhoma, ndipo tayala losakhoma limapindika ndege ikangogunda pansi. "Mphwanga, likanapindikira pano, ozimitsa moto ndi iwe wekha ndi kabotolo kako, chipatala chili ku boma. Ku Chileka kuli magalimoto a moto ndi msewu wautali. Tinawerengera mafuta, anali okwana. Ndiye tithamangirenji?"

Chimene chinandigwira mtima ndi zimene ankachita nthawi yonse ija akuzungulira. Iwo anangogwira ndege basi, maso pa zoyezera ndi panja. Mtsikana uja ndiye anatsegula buku la zovuta zadzidzidzi, lomwe amalitcha QRH, n'kumawerenga mzere ndi mzere mokweza: kuyesa babu, kubweza matayala n'kuwatulutsanso mwa njira yachiwiri, kenako kufunsa munthu wapansi. Anati m'ndege zazikulu lamulo ndi lomweli. Choyamba yendetsa ndege, chachiwiri dziwa komwe ukulowera, kulankhula ndi apansi kumabwera pambuyo. Wina agwire ndege, wina alimbane ndi vuto, ndipo anene mokweza kuti wagwira ndani.

Apa anandiuza za ndege ya kampani ya Eastern Air Lines ya ku America yomwe inkachokera ku New York kupita ku Miami pa 29 December 1972. Vuto linali ngati lawo, getsi la tayala lakutsogolo silinayake. Onse a m'chipinda choyendetsera anaunjikana pa getsilo, akukhulupirira kuti makina akuyendetsa ndege. Makinawo anali atasiya kusunga msinkhu, ndege n'kumatsika pang'onopang'ono mumdima mpaka inagwera m'dambo la Everglades. Anthu 101 anafa. Tayala linali litatuluka bwinobwino, chinapsa ndi babu. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero, chifukwa anthu aja sanali mbuli, anali akatswiri, koma panalibe amene anatsala akuyendetsa.

Sizonse zimadikira buku, iwo anatero. Injini ikagwira moto, kapena mpweya ukathawa ndege ili m'mwamba kwambiri, pali zochita zingapo zoloweza pamtima. Pa za mpweya, woyendetsa amavala kaye chopumira chake asanachite china chilichonse, kenako n'kutsitsa ndege msanga kufika cha pa mamita 3,000 pomwe munthu amapuma yekha. Zikatha zolowezazo amabwererabe ku buku. Moyo ukakhala pachiswe amaitana apansi ndi mawu oti Mayday katatu, vuto likakhala lofuna changu koma losafika pamenepo amati Pan-Pan, ndipo akatchera nambala 7700 pa kachipangizo ka m'ndege kotumiza chizindikiro kwa apansi, oyang'anira mlengalenga amaona okha kuti ndege iyi ili pamavuto. Zonsezi amaziyeserera m'makina ofanizira ndege otchedwa simulator, kawirikawiri miyezi 6 iliyonse, ngakhale munthu wa imvi ngati iwo.

Koma ngakhale pa moto, dzanja silithamangira kuzimitsa injini mnzako asanavomere kuti ndi yomweyo. Pa 8 January 1989, ndege ya Boeing 737 ya kampani ya British Midland yochoka ku London kupita ku Belfast inaonongeka injini yakumanzere, oyendetsa n'kuzimitsa yakumanja, yabwinobwino. Kumbuyo kunali anthu amene anaona malawi kumanzere, koma uthenga sunafike kutsogolo, poganiza kuti akuluakulu akudziwa chimene akuchita. Inagwa pafupi ndi mudzi wa Kegworth, anthu 47 n'kutaya miyoyo.

Pamenepa ndinakumbuka kunyanja. Ndaonapo anyamata akukwera bwato mwera ukuyamba, aliyense akuona mafunde, koma palibe wolimba mtima kuuza mwini bwato kuti bwana, lero tisapite. Ena mwa iwo tinakawaika. Kwathu kuno wamkulu akatsegula buku pamaso pa ana timati sadziwa ntchito, ndipo mwana akadzudzula wamkulu timati n'ngwamwano. Ine ndimati pa zimenezi timalakwitsa. Bambo aja, ndi zaka zawo zonse m'mwamba, analola mtsikana kuwawerengera zochita, anamufunsa maganizo ake za ku Chileka asanagamule, ndipo anafunsanso ine wonyamula zikwama. Anandiyamikira makamaka poti sindinawatsimikizire chimene sindinaone bwino. Akuti ndikanangoti zonse zili bwino pofuna kuwasangalatsa, mawu angawo akanakhala opanda ntchito.

Adalaivala aja anali chapafupi, akumvetsera. Anafunsa kuti nanga ku Chileka zinatha bwanji. Akaputeni anati anawauza alendo mmene akhalire potera, magalimoto a moto anaima m'mbali, iwo n'kutera mofatsa, akuchedwetsa mphuno kugunda pansi. Tayala linagwira. Amakaniki anapeza kuti linali litakhoma kuyambira pachiyambi, chinavuta ndi kaswichi kakang'ono kotumiza uthenga ku getsi.

"Ndiye munangowazunza alendo, bwana," anatero adalaivala.

"Zoti ndi kaswichi tinazidziwira pansi, achimwene. Kumwamba kuja tinali ndi magetsi awiri basi."

Madzulo omwewo ndinapita kwa abwana anga kukapempha chozimitsira moto chachiwiri, chachikulu choyenda pa matayala, komanso kuti alonda aphunzitsidwe kuchigwiritsa ntchito. Anavomera, ndipo chinabwera mwezi usanathe. M'gawo lotsatira ndidzakuuzani mmene Akaputeni omwewa anandilimbikitsira kubwerera kusukulu kukalemba mayeso a Fomu 4, ndili kale ndi mkazi ndi mwana.