Mawu awa ndi anu?

Kutatsala masabata awiri kuti ndipereke kafukufuku wanga wa chaka chomaliza, a supavaiza anandibwezera chaputala chachiwiri atazunguliza ndime imodzi ndi cholembera chofiira. M'mbali mwake analembamo kafunso: “Mawu awa ndi anu?” Ndinaiwerenga ndimeyo kangapo, koma yankho ndinalibe. Inali m'kope langa la manotsi, dzanja lake langa lomwe, koma kusalala kwa ziganizozo sikunali kwanga. Ndinatha masiku atatu m'laibulale ndikusakasaka, ndipo nditalipeza bukulo ndinaona kuti ndinakopera ziganizo ziwiri ndendende osaika mitengero. Kuba sindinafune, koma pa pepala zinkaoneka ngati kuba basi.

Vuto linayambira pa tsiku lowerenga, osati pa tsiku lolemba, choncho n'kumene ndinakonza.

Masiku ano ndisanawerenge ngakhale chiganizo chimodzi, ndimayamba ndalemba za bukulo: wolemba, chaka, mutu, osindikiza. Ikakhala nkhani ya m'jenolo ndimaonjezera voliyumu, nambala, masamba ndi DOI, nambala ija yoyamba ndi 10 imene siisintha ngakhale nkhaniyo itasamutsidwa pa intaneti. Poyamba ndinkalemba pamanja. Tsopano ndimasunga mu Zotero, pulogalamu yaulere imene inatuluka mu 2006 kuchokera ku George Mason University. Ntchitoyi imatenga mphindi ziwiri, ndipo ulesi umabwera pomwepa, chifukwa mtima umakhala uli kale pa zimene zili m'katimo.

Kenako pamabwera chimene chinandipulumutsa. M'manotsi mwanga muli mitundu itatu ya mawu, ndipo sindilola kuti isakanikirane. Mawu a mwini buku ndimawaika m'mitengero, tsamba lake pompo, osati “ndidzaonanso mawa”. Mfundo yake imene ndaifotokoza m'mawu anga ndimaika chilembo F kutsogolo, nayonso ndi tsamba. Maganizo angaanga, monga pamene ndikutsutsana naye kapena ndakumbukira wolemba wina wonena zosiyana, ndimawalemba ndi inki ya mtundu wina. Pakapita miyezi itatu mutu umaiwala, koma inki siinama.

Kufotokoza m'mawu ako kuli ndi msampha wake. Ukamalemba buku lili chitsegulire, umangosintha mawu awiri atatu, mafupa a chiganizo n'kukhala omwe aja. Ine ndimawerenga ndime, kutseka buku, n'kuilongosola mokweza ngati ndikuuza mnzanga amene sanaliwerenge. Zikandikanika, ndiye kuti sindinamve, ndibwerezenso. Ndikalemba ndimatsegulanso kuti ndione ngati sindinamunamizire wolembayo. Ndipo ngakhale mawu akhale anga, mfundoyo ndi yake, dzina lake liyenera kuonekabe. Apa ndi pamene anzanga ambiri ankagwera.

Manotsiwa tsopano ndimawalemba pa mapepala apaderapadera, ndipo pepala lililonse limanyamula mfundo imodzi yokha, kuti polemba ndizitha kuwasanja potsata mutu, osati potsata buku. Niklas Luhmann, katswiri wa ku Germany wa za chikhalidwe cha anthu, anasiya timakhadi totere pafupifupi 90,000. Ine anga sanafike ngakhale 200, ndipo anandikwanira.

Za kalembedwe ka maumboni, kutanthauza mmene umatchulira mabuku amene wagwiritsa ntchito, ndinangofunsa ku dipatimenti, anati APA, kalembedwe ka bungwe la American Psychological Association. Malamulo ake a mu kope la nambala 7 si ovuta ukawazolowera. M'kati mwa nkhani umaika dzina la wolemba ndi chaka m'mikutiro, tsamba n'kuonjezera ngati watenga mawu ake enieni. Olemba akakhala atatu kapena kuposa, umatchula woyamba yekha n'kutsatiza et al., kutanthauza “ndi ena”. Wolemba mmodzi akakhala ndi ntchito ziwiri za chaka chimodzi, umazisiyanitsa ndi a ndi b pambuyo pa chaka. Mawu otengedwa akafika 40, amakhala pa ndime yawoyawo yolowa m'kati, popanda mitengero.

Chimodzi chimene ndinachita nacho manyazi: ndinali nditatchula mabuku awiri amene sindinawagwirepo, ndinangowaona atatchulidwa ndi wolemba wina. Limodzi ndinalipeza n'kuliwerenga, ndipo linkanena zosiyanako ndi zimene ndinalembazo. Linalo silinapezeke, choncho ndinalemba poyera kuti mfundoyo ndaipeza kudzera mwa wolemba wachiwiriyo.

Usiku womaliza ndinasindikiza ntchito yonse, n'kutenga pensulo. Dzina lililonse la m'kati ndinkalisaka pa mndandanda wa mabuku wa kumapeto n'kulichonga, kenako kubwerera kuchokera ku mndandanda kupita m'kati. Ndinapeza mabuku atatu amene ndinawachotsa m'nkhani koma anatsalira kumapeto, komanso chaka chimodzi cholakwika chimene ndinachitenga osaunika pa batani la Cite la Google Scholar, tsamba la pa intaneti losakira zolemba zamaphunziro. Ndinakonza, ndipo m'mawa mwake ndinakapereka.