Lachinayi: agogo a ku Rumphi andiimitsa ng'oma

Ndafika kunyumba mawu atasasa, mapazi ali mbuu. Kwatsala milungu iwiri kuti ana anga a Sitandade 7 avine pa tsiku la chikhalidwe, ndiye kuyambira 2 koloko tinali pansi pa mtengo wa mango.

Nzeru yanga ya dzulo inali yoti mwana aliyense avine gule wakwawo: Ayao ku beni, Alhomwe ku tchopa, Atonga ku malipenga, Angoni ku ingoma. Nditangomaliza kuwerenga mayina, kamtsikana kena kanakweza mkono. "Madamu, bambo anga ndi Myao, amayi ndi a ku Thyolo, ine ndinabadwira konkuno ku Kawale. Ndilowe kuti?" Mikono ina khumi inatsatira. Pepala lija ndinangolipinda n'kuponya m'chikwama, aliyense n'kupita kumene ng'oma yamukokera. Wotsogolera beni tsopano ndi mnyamata wa ku Dedza, wezulo kukamwa, chifuwa chili nganganga ngati asilikali a KAR (King's African Rifles, a nthawi ya atsamunda) omwe guleyu amatsanzira.

Nkhani inakula pa vimbuza. Atsikana asanu anali atadzipaka ufa kumaso, akunjenjemera ndi kudzigwetsa pansi, anzawo akufa nazo nseko. Apa n'kuti agogo ena, amene amabwera kudzatenga mdzukulu wawo, ataima chapatali ndi ambulera. Anandikodola.

"Aphunzitsi, anawa akudwala?"

"Ayi agogo, tikungoyeserera."

"Nanga mizimu mukuiitanira chiyani?"

Ndinasowa poponda. Anandifotokozera pang'onopang'ono, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka, kuti kwawo ku Rumphi mkulu wawo anavinapo vimbuza usiku wonse atadwala miyezi yambiri. Amayi ndi ana amazungulira wodwalayo akuimba ndi kuomba m'manja, amuna ali pa ng'oma, ndipo mzimu uliwonse uli ndi kaimbidwe kake ka ng'oma. Ng'anga imakhala pomwepo. Palibe amaseka.

Ine, uphunzitsi utandikwera, ndinati vimbuza ndi wa dziko lonse tsopano, poti a UNESCO anamulemba m'kaundula wawo wa zikhalidwe mu 2008 limodzi ndi gule wamkulu, tchopa n'kutsatira mu 2014, mwinoghe wa ku Chitipa mu 2018. Agogowo anangondiyang'ana, n'kufunsa kwathu. Nditati ku Kasungu, anati, "Chabwino. Mawa muwaveke anawa zigoba za akapoli a gule wamkulu, avine pano."

Pakamwa panandiuma. Sindingayerekeze n'komwe. Ndinakula ndikuthawira m'nyumba chilombo chikatulukira, ndipo ndikudziwa mlandu umene mfumu ingandigamule nditasewera ndi za kudambwe. Zakwathu ndimazigwira ndi manja awiri, koma za eni ake ndinazitola ngati nsalu ya pa kaunjika, bola zikongoletse pulogalamu. Chondichititsa manyazi kwambiri n'choti mdzukulu wawo uja anali atakana kulowa m'gululo, ine n'kumati ndi ulesi.

Tagwirizana kuti Lolemba abwere adzaphunzitse ana nyimbo ziwiri ndi kaombedwe ka m'manja, komanso adzawauze okha chimene vimbuza amavinira. Zodzigwetsa pansi ndi ufa wakumaso tazisiya. Ahedi ndikawauza mawa m'mawa, ngakhale ndikudziwa kuti adandaula, poti mbali imeneyo ndi imene amati idzasangalatsa alendo.

Ng'oma yaikulu nayonso yang'ambika madzulo ano. Loweruka ndilawirire kukasaka chikopa.