Jekete la mwana wanga wopita kokatsetsereka pa chipale chofewa

Ndimagulitsa kaunjika pamsika wa pa Boma ku Mchinji, ndipo June akayandikira belo ya majekete sikhalitsa. Koma chaka chino ndinafufuza mulu wonse ndi mtima wina. Mwana wanga wamkazi amene akuphunzira ku Johannesburg anaitanidwa ndi anzake kuti mu July akatsetsereke pa chipale chofewa ku Afriski, m'mapiri a Maluti ku Lesotho. Malowo ndi okwera mamita opitirira 3,000, kuposa ngakhale nsonga ya Sapitwa. Nditamva zimenezi tulo tinandithawa.

Choyamba ndinatola jekete lotukumuka la nthenga za bakha, lija palebulo amalemba kuti down. Ndi lopepuka ndiponso lofunda kwambiri, poti nthenga zimasunga mpweya wotentha wochokera m'thupi. Nambala ya fill power, yosonyeza mmene nthengazo zimatukumukira, ikakhala 700 kapena 800, ndiye kuti ndi nthenga zabwino zedi. Ndinamutumizira chithunzi pa WhatsApp.

"Amayi, nanga likanyowa?" anandifunsa.

Anafunsa zoona. Nthenga zikanyowa zimaumbika timibulu ngati za nkhuku yovumbidwa ndi mvula, kufunda konse n'kutha, ndipo zimachedwa kuuma. Ndiye munthu wongoyamba kumene kutsetsereka amagwa kambirimbiri, chipale chimakanirira pa chovala n'kusungunuka, thukuta nalonso likutuluka mkati. Kuzizira kwathu kwa ku Mchinji ndi kouma, mpweya wa m'mamawa chabe. Koma ku Afriski mdani wamkulu ndi chinyezi.

Ndinabweza lanthengalo, n'kuyamba kufuna lokhala ndi poliyesitala mkati. Limeneli limafundabe ngakhale litanyowako, komanso limauma msanga. Ndinalipeza tsiku lachitatu, lofiira, palebulo palembedwa 10,000 mm, kusonyeza mmene nsalu yake imakanira madzi. Lebulo yokha sindinaikhulupirire, popeza kaunjika ndi chovala choti wina anavalapo kale. Ndinathira madzi pang'ono paphewa: anangogubuduzika timadontho osalowa. Ndinapisanso dzanja mkati n'kumva kuti misoko yake ndi yomatidwa ndi tepi, osati yongosoka.

M'chiuno mwake muli kansalu ka lasitiki kotchinga chipale kuti chisalowere pansi munthu akagwa, ndipo m'khwapa muli mazipi otsegula akatenthedwa. Zipi imodzi inali yolimba, telala woyandikana nane anaikonza.

Ndinasankha lokulirapo pang'ono, kuti mkati azitha kuvala juzi n'kukwezabe manja momasuka. Ndinamuchenjezanso kuti asavale malaya a thonje pakhungu, chifukwa thonje limamwa thukuta n'kumuziziritsa akangoima.

Jeketelo linanyamuka sabata yatha pa basi ya ku Joni, m'chikwama cha mlamu wanga, pamodzi ndi mtedza ndi ufa wa mgaiwa. Dzulo usiku wandiimbira.

"Landikwana bwino, amayi. Koma magolovesi ndilibe."

Belo ina ikufika Lachisanu, ndikafufuza m'menemo.