Makombo atha, nanga Pulumuka adya chiyani?

Loweruka, ku Zingwangwa, kumayambiriro kwa 2025.

Galu wathu Pulumuka anandidzutsa kusanache, akukanda chitseko cha kukhitchini. Akakhala ndi njala sauwa, amangokanda pang'onopang'ono kenako n'kukhala pansi kudikira. Nditavundukula mphika wa dzulo ndinapezamo nkhoko zokha. Mitanda iwiri yomwe inatsala usiku ndinali nditaisunga kale m'kabati kuti ana adye mkute ndi tiyi. Ndinathira madzi mumphikamo, n'kupala nkhokozo, n'kumukhuthulira m'mbale yake. Ananyambita mpaka mbaleyo inayamba kukhwekhwereka pa simenti.

Pamene ndinkakula kwathu ku Thyolo palibe amene ankamuwerengera galu pa ndalama za pakhomo. Agogo ankaphika nsima yoti ngakhale mlendo wodutsa apeze, ndipo yotsala inali ya galu ndi nkhuku. Ndinakula ndikudziwa kuti galu sadya ndalama. Chaka chino ndi pomwe ndaona kuti ankadya ndithu, kungoti ndalamazo zinkabisala m'makombo. Pano makombo kulibe. Ufa ndimayeza ndi kapu, mitanda ndimaiwerenga ndisanayambe kuomola, ndipo mwana akasiya theka mnzake amakhala atatambasula kale dzanja. Mvula ya 2024 inadula msanga chifukwa cha El Niño, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Ife a m'tauni ngoziyo inatipeza kumayambiriro kwa 2025, pa mtengo wa thumba la chimanga lomwe m'misika ina linafika pa K100,000.

Cha m'ma 7 koloko ndinanyamula ndowa kupita kuchigayo kukagula madeya. Kale madeya ankangotayidwa kuseri, mnyamata wa pachigayo ankachita kukupempha kuti uwatenge. Lero pali mzere. Oweta nkhumba alipo, oweta nkhuku alipo, amayi otcheza kachasu nawonso alipo ndi matumba awo. Patsogolo panga panali agogo ena ovala chitenje chofwifwa, atanyamula kabeseni kakang'ono. Ndinawapatsa moni n'kuwafunsa ngati akuweta nkhuku.

"Nkhuku zake ziti, mwanawe? Ndikagayitsanso awawa n'kusakaniza ndi kaufa kamene katsala. Ndili ndi zidzukulu zitatu."

Sindinawauze kuti anga ndi a galu. Pakamwa panandiuma. Nditagula ndowa yanga ndinawapungulira mbale ziwiri m'kabeseni kawo, iwo anawomba m'manja n'kumapita. Njira yonse yobwerera ndinkangodzifunsa ngati n'chilungamo kuti ndiziphikira galu chakudya chomwe ana a anthu akudya. Funso limeneli silinandichoke mpaka pano pamene ndikulemba.

Koma galuyu sitinachite kumugula kapena kumufuna. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinakokolola nyumba ku Chilobwe, kufupi kwambiri ndi kuno. Anthu oposa 1,000 anamwalira m'dziko muno. Patapita masiku atatu mwana wanga wamkulu anabwera ndi kagalu m'malaya, kali matope okhaokha, maso okha akuphethira. Anakapeza m'ngalande kakulira. Tinafunsa pamsasa pomwe anthu ankakhala, palibe anakadziwa, ndipo mwina eni ake anali m'gulu la amene sanapezeke. Bambo a ana anati kagone usiku umodzi wokha. Mwanayo ndi amene anakapatsa dzina loti Pulumuka. Papita pafupifupi zaka ziwiri tsopano.

Kumsika ndinagula tomato, mpiru ndi bonya wa ife. Kenako ndinapempha mayi wogulitsayo kuti andisesere fumbi lotsalira pansi pa thumba, timitu ndi tizipsepse tomwe anthu sagula. Kale ankandipatsa ulere, lero anati ndiikepo kenakake popeza oweta nkhuku akumalifunanso. Kubutchala sindinapiteko n'komwe. Mafupa amene ankatipatsa kuti tikaponyere galu pano akumawaika pa sikelo, anthu akumagula kukaphikira msuzi wa ndiwo. Chakudya cha agalu cha m'matumba chija ndimangochiona m'masitolo akuluakulu a ku Ginnery Corner. Chambiri chimachokera kunja, ndipo kuyambira pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba limodzi limaposa ndalama yomwe ndimapeza pa sabata yonse yosoka.

Chimene anthu sachiwerengera ndi nthawi. Phala la galu liyenera kupsa bwinobwino, madeya osapsa amamutsegula m'mimba. Ndiye ndikamaliza kuphika za ife, ndimateleka mphika wake pa makala omwewo asanazime, ndikuvundula, kuthiramo fumbi la bonya lija ndi masamba a mpiru odulidwa, opanda mchere komanso opanda anyezi chifukwa anyezi amawononga magazi a galu. Kenako kudikira kuti lizizire. Lero magetsi anathima kuyambira m'mawa, makala anatha msanga, ndinachita kukapempha mafosholo awiri kwa anzanga a nyumba yoyandikana nafe. Pa makina panali madiresi atatu a kwaya oti ndipereke mawa kutchalitchi. Pofika 12 koloko ndinali ndisanapondepo ngakhale kamodzi.

Masana inali ntchito ya nkhupakupa. Nyengo ya mvula ino udzu wakula kuseri kwa mpanda, ndipo zikumuunjikana m'makutu ndi pakati pa zala. Tinamugoneka pa thumba pansi pa mtengo wa mango, mwana wanga atagwira mutu, ine ndikuzula imodzi imodzi n'kumaziponya m'kachitini ka parafini. Uyenera kugwira pafupi ndi khungu, ukakoka pamimba mutu wake umatsalira n'kuyambitsa chilonda. Titafika 40 tinasiya kuwerenga. Mankhwala osambitsira atsala a ulendo umodzi m'kabotolo, ndipo a njoka za m'mimba, omwe amayenera kumwa pakatha miyezi itatu iliyonse, tadumphitsa kale kawiri. Nkhama zake zayamba kuyererako, zomwe sizinandisangalatse. Iye anangogona phee, nthawi zina n'kunyambita dzanja la mwanayo.

Bambo a ana anafika cha m'ma 4 koloko, atatopa ndi mzere wa mafuta womwe anaimapo ndi njinga yawo yamoto kuyambira mbandakucha. Anakhala pakhonde, anayang'ana ndowa ya madeya, anayang'ana galu.

"Amayi, nkhani ija ndaiganiziranso. Achimwene akupita kumudzi Lachiwiri. Angomutenga, kumeneko akadzisakira yekha."

"Akasaka chiyani, abambo? Kumudzi komwe anthu akudya mango owiritsa? Mukudziwa kuti akangofika adzayamba kugwira nkhuku za eni, ndipo mapeto ake ndi chibonga."

"Nanga akatenganso bere? Mwaiwala za chaka chatha?"

Sindinaiwale. Apa bambowa akunena zoona, ndipo sindingawatsutse. Galu wamkazi amafuna wamphongo pafupifupi kawiri pa chaka, bere lake ndi miyezi iwiri yokha. Chaka chatha Pulumuka anaswa ana 7. Anaonda mpaka nthiti kuwerengeka, ankadya kuwirikiza kawiri, ndipo kwa milungu ingapo ndinkadzuka usiku kukaona ngati sanawagonere. Tinkaganiza kuti anthu adzawalimbirana monga kale. Amene anatenga ndi atatu okha, ndipo mmodzi anamubweza patatha sabata akuti alibe chomupatsa. Awiri anafa ndi matenda otsegula m'mimba mwa magazi, omwe katemera wake ndi wogula ndipo sitinakwanitse. Otsalawo tinachita kuyenda nawo mpaka ku Chigumula kwa munthu wina woweta nkhumba. Wina anatilangiza kuti tingowaika m'thumba n'kukawaponya mumtsinje wa Mudi. Ndinamuyang'ana osamuyankha.

Ndikanatha kuwauza bambowa za ndalama ya mlonda, yomwe sitingaikwanitse, kapena za akuba omwe mwezi watha anazula mipopi ya madzi m'nyumba zinayi za mzere wathu n'kudumpha yathu yokha. Amati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo usiku umenewo anauwadi mpaka tonse tinadzuka. Koma ndikanawauza zimenezo ndikananama pang'ono, chifukwa si chifukwa chake chenicheni. Ngakhale akanakhala wosauwa sindikanamupereka. Tinamutola, tinamupatsa dzina, anazolowera mapazi athu. Kumutaya lero chifukwa ufa wakwera mtengo n'chinthu chomwe mtima wanga ukukana. Ndinawauza zimenezi momwemo. Anakhala chete nthawi yaitali, akupukuta chipewa chawo cha njinga.

Ambiri akumasula agalu awo chaka chino. Sawathamangitsa, amangosiya kuwapatsa chakudya, galuyo n'kuyamba kugona kudzala la kumsika. Madzulo ukamadutsa pamenepo umapeza gulu la agalu khumi kapena kuposa, ena ali ndi kachingwe m'khosi kosonyeza kuti anali ndi pakhomo. Chimandiopsa ndi chiwewe. Mzinda wa Blantyre unavutika nacho kwambiri, ana ankafa kuchipatala cha Queen Elizabeth, mpaka a bungwe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu ulere mu 2015. Amakhazika matebulo m'masukulu a pulayimale kumapeto a sabata, poyamba ankayendanso khomo ndi khomo, galu akabayidwa amamupaka utoto pamphumi. Cholinga chawo n'choti agalu 70 mwa 100 alionse abayidwe, pamenepo matendawa amasowa podutsira. Pulumuka wabayidwa kawiri, khadi lake ndimasunga pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Katemerayo ndi waulere, koma tsiku limenelo ndimatseka makina theka la tsiku, kumukoka pa chingwe mpaka kusukulu n'kuima pa mzere padzuwa. Galu womasulidwa alibe womukokera kumeneko. Ana anga ndawauza kangapo konse kuti galu aliyense akawaluma kapena kuwakanda, atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione kaye.

Dzuwa litapendeka bambowa anayankhula. "Chabwino, akhale. Koma atsekedwe, asaswenso. Ndalama yake ichokera kuti?"

Ndinaimbira dokotala wa ziweto yemwe nambala yake inalembedwa kuseri kwa khadi lija. Anandifotokozera kuti opaleshoni yake ndi ya tsiku limodzi, galu asadye kuyambira usiku wake, ndipo akabwerako afunika masiku khumi ali pamalo ouma osanyambita bala. Anati mtengo wake ndi wokwererapo chifukwa mankhwala ogonetsa amachokera kunja, koma mabungwe osamalira ziweto nthawi zina amachita ulere kapena motsitsa, ndiye ndikayambe ndafunsa kumeneko Lolemba. Zikakanika ndikongola ku banki mkhonde Lachinayi, ndidzabweza ndi ndalama ya mayunifolomu a teremu ikubwerayi. Masiku khumi omuyang'anirawo agwera ine, poti ndine amene ndimakhala pakhomo. Makina ndiwatulutsira pakhonde kuti ndizimuona ndikusoka.

Magetsi anayaka 8 koloko itadutsa. Ndasoka madiresi awiri, lachitatu latsala mpendero, ndilimaliza m'mawa tisanapite kutchalitchi. Pa chakudya chamadzulo ndinaona mwana wanga wamkulu akubisa kambamu ka nsima m'thumba la kabudula. Ndinamuuza kuti adye yonse, Pulumuka wadya kale phala lake. Anandiyang'ana, anadya theka, theka linalo anatuluka nalo panja.

M'kope langa la ndalama ndatsegula tsamba latsopano, pamwamba ndalemba dzina la galuyu. Pansi pake ndalemba madeya, fumbi la bonya, makala, mankhwala a nkhupakupa, a njoka ndi opaleshoni. Ndamumasula pa unyolo, wazungulira mpanda kawiri monga amachitira, ndipo pano wagona pakhomo la chipinda cha ana. Madeya omwe ndagula lero afika Lachitatu. Agogo aja ndinaiwala kuwafunsa komwe amakhala.