Sabata ya "mw" ndi "mz" m'mwezi wa Kolona

Pofika Okutobala, ana a giredi 1 amene ndimaphunzitsa pasukulu ya parishi ina kuno ku Lusaka amakhala atadziwa kale malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo ambiri amawerenga ma, me, mi, mo, mu mosadodoma. Vuto limayamba pamene malembo awiri opanda liwu aima pamodzi, monga mw, mt ndi mz, ndipo imeneyi ndiyo inali ntchito ya sabata yathayi. Popeza mwezi uno Akatolika timapemphera Kolona, ndinatenga mawu ophunzitsira m'mapemphero amene anawo amanena m'mawa uliwonse.

Lolemba ndinalemba pabolodi mawu akuti mwana, mtanda ndi Mzimu. Tisanaone lembo lililonse tinachita chizindikiro cha mtanda pang'onopang'ono, ndipo ndinawauza kuti aombe m'manja akamva milomo yawo yatsekeka. Mwana amene wakhala akunena "ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera" chiyambire kulankhula ali nawo kale maliwu amenewa m'kamwa, choncho ntchito yanga ndi kumuonetsa mmene amaonekera papepala. Lachiwiri tinapanga mwa, mwe, mwi ndi timakadi todula ku makatoni a shuga, ndipo tsikulo linayenda bwino.

Lachitatu ndilo linandipatsa zambiri zoganizira. Ndinapachika pakhoma tchati cha Tikuoneni Maria, ndipo kalasi yonse inanena pempherolo mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi, moti mlendo wodutsa pawindo akanati ana onsewa amadziwa kuwerenga. Kenaka ndinadula mawu a pempherolo limodzilimodzi, n'kuwasakaniza m'dengu, ndipo aliyense ankatola kapepala kamodzi kuti awerenge yekha. Ana angapo amene ankatsogolera mawu pachiyambi anaima chilili atagwira mawu akuti mwana, osadziwa poyambira, pamene kamtsikana kena ka ku Kanyama, kamene sikakweza mawu popemphera chifukwa kwawo si Akatolika, kanaloza lembo lililonse ndi chala, n'kutchula mwa, kenaka na, mpaka mawuwo anatuluka. Kuloweza pamtima ndi chuma cha mpingo ndipo sindikuchepsa, koma mphunzitsi amene sayesa ana mwanjira imeneyi amawapititsa ku giredi 2 akungonena zimene makutu anamva. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi athu adzaza kwambiri, ndipo m'gulu lalikulu chotere mwana wosawerenga amabisala mosavuta kumbuyo kwa mawu a anzake.

Chinanso chimene chinatitayitsa nthawi tsikulo ndi kalembedwe. Mabuku a sukulu a ku Zambia amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndipo mnyamata wina anabweretsa kabuku ka mapemphero ka agogo ake kosindikizidwa ku Malawi, akudandaula kuti mawu a m'menemo ali ndi lembo lowonjezera. Ndinalemba mitundu yonse iwiri pabolodi n'kuwauza kuti liwu lake ndi limodzi. Ana a m'makomboni a Lusaka amalankhula Chinyanja cha m'tauni chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi, motero mawu a m'pemphero la Tikuoneni Maria ngati chaulere ndi chodzaza ndinayenera kuwamasulira kaye, chifukwa mwana amavutika kuwerenga mawu amene sakuwamvetsa.

Lachinayi asisitere amene amayang'anira gulu la ana la utumwi anabwera kudzatithandiza kupanga makolona ndi ulusi ndi mikanda yotchipa ya ku City Market. Ana ankawerenga mikanda 10 pa chigawo chilichonse mwa zigawo 5, ndipo masamu a tsikulo anathera pomwepo. Ana a mipingo ina sindinawakakamize, iwo anatunga mikanda ya maphatikizo, yofiira kuimira lembo la liwu ndi yoyera kuimira lopanda liwu. Asisitere anawasimbira za Kizito Woyera, wamng'ono kwambiri mwa Amaritiri a ku Uganda, amene anaphedwa ku Namugongo mu 1886 ali mnyamata, ndipo Papa Paulo VI anamuika m'gulu la oyera pamodzi ndi anzake mu Okutobala 1964, mwezi womwewo umene Zambia inalandira ufulu.

Lachisanu kunali Misa ya sukulu, ndipo bambo mfumu analola kuti mwana wa giredi 1 awerenge pemphero limodzi la okhulupirira. Ndinalemba chiganizo chatsopano chimene palibe anachilowezapo, chokhala ndi mw kawiri, ndipo mnyamata amene ndinamusankha anachiwerenga modukizadukiza koma mosathandizidwa. Titaweruka ndinapereka kwa ahedi maina a ana amene analephera padengu lija, kuti titumize uthenga kwa makolo awo woti sabata ino azitsala kwa theka la ola, tibwereze mw ndi mz tisanalowe mu ng' ndi nkh.